Kabokosi Kofiira pa Foni ya Apongozi

Chidwalireni apongozi ake matenda ofa ziwalo, mtengwa wa m'nyumbamo anaiwala ngakhale maonekedwe a msewu. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda, zonse zinali pamutu pake.

Mwamuna wake anapachika foni pakhoma la chipinda cha odwalawo. Pagalasi lake panali kabokosi ka mankhwala: kofiira ngati sanamwe, kobiriwira akamwa. Mchemwali wa mwamunayo akabwera, ankayamba wayang'ana kabokosiko, moni pambuyo.

M'mawa wina mtengwayo atawamwetsa, manja anali thovu lokhalokha, ndiye anangolankhula: "Lemba kuti amayi amwa mankhwala a mtima." Foni inayankha kuti yalemba. Koma kabokosi kanakhalabe kofiira.

Masana mlamuyo analowa, n'kuimika maso pakhoma.

"Alamu, mpaka pano? Mukufuna mutiphere amayi kuti nyumbayi ikhale yanu?"

"Ndawamwetsa kale. Ndinauza foniyo pakamwa."

"Achimwene, tabwerani mudzaone zimene akuchita akazi anu!"

Mwamuna anabwera, nayenso n'kuyang'ana khoma m'malo mwa nkhope ya mkazi wake. "Makina sanama, mayi a mwana. Ungopepesa zithe."

Mlamu anatsegula botolo la mankhwala n'kufikitsa piritsi pakamwa pa mayi ake.

"Chonde, mapiritsi awiri angawaphe!" analira mtengwa atamugwira mkono. Mlamu anamukankhira kukabati.

Apongozi anatseka milomo kuti gwa. Ndi dzanja lawo limene linali lamoyo anagunda kapu, madzi n'kutayikira pabulangete.

"Nda... mwa," anatero movutikira, misozi ikulowa m'makutu.

Mwamuna anagunda kabokosi ndi chala. Pulogalamu itatseguka, kanasanduka kobiriwira, nthawi imene apongozi anamwa m'mawa ili pomwepo.

"Ooh, ukauza pakamwa sikadzisintha kokha," anatero akukanda kumutu. "Ndikakonza."

"Kakonzeni, popeza ndi kamene mumakakhulupirira," anayankha mkaziyo akupukuta misozi. "Ine wowanyamula ndi msana wanga, mawu anga ndi mphepo."

Anakonza pilo wa apongozi ake n'kuwanong'oneza kuti abwera mawa. Kenaka anaika beseni ndi thaulo m'manja mwa mlamu wake.

"Matewera ali m'kabatimo. Ine ndikukaona mayi anga, nawonso anabereka."

Chitseko chinamenyeka mpaka mawindo ananjenjemera.

Mlamu anatsala chiimire, beseni likudontha pansapato zake. "Achimwene, ndiyambire pati?"

Achimwenewo anangoyang'ana foni ija. Apongozi anatembenuzira nkhope kukhoma.