Kachitsulo Kamodzi Kokha

Uladi anaweruka matakisi atatha kale pamsewu, kiyi ali m'thumba, mtima ukuwira. Tsiku lonse anali akulimbana ndi chikepe cha nyumba ina yakale ya nsanjika zisanu ndi ziwiri kufupi ndi Laudium, ku Joni. Nthaka ya kumeneko ndi yachinyengo, pamwamba gwa, pansi mphako zokhazokha. Nyumbayo inkapendekeka pang'onopang'ono, njanji zoyendamo chikepe n'kumapindika nayo. Atatsitsa chingwe choyezera kuchokera pamwamba mpaka kudzenje la pansi, anapeza njanji itathawa chingwe ndi zala zitatu. Zala zitatu, anthuni! Kuseri kwa njanjiyo, amisiri akale anali atapanikizamo tizitsulo topyapyala, kena pamwamba pa kanzake, kubisa matenda.

A Khalid, eni nyumbayo, anamuuza kuti awonjezere kamodzi, chikepe chiyende m'mawa, apo ayi ntchito yatha. Uladi anazimitsa magetsi a chikepe, n'kukhoma loko wake paswichi. Chikepe chotsitsa ana asukulu m'mawa uliwonse, iye achitsegule chili chotero? Sanabwerere zimenezo ku Joni.

Njira yachidule yopita kumene ankachita lendi inkadutsa pa nyumba zisanu zopanda anthu, zotchingidwa ndi waya chimezereni nthaka khonde la imodzi. Magetsi a mumsewu kunalibe. Anayenda akudzilankhulira yekha, kuwayankha a Khalid mawu onse amene anawameza masana.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Anaima. Phokosolo linaimanso. Anayenda. Ngwe... ngwe... Tizitsulo tikugundana, kumbuyo kwake kwenikweniko. Tsitsi linamuima. Anacheuka.

Panali mdala wamfupi, wovala ovololo yabuluu yothetheka, matumba onse ali tutumu. Ankanunkha girizi ndi dothi lonyowa.

"Achimwene," anatero mdalayo m'Chichewa chenicheni chakumudzi, "kiyi uja. Kamodzi kokha. Ndikangoikamo kamodzi, chiyenda."

Apa mantha a Uladi anasanduka ukali. Kani a Khalid afika potumiza madala usiku, ndipo asankha Mmalawi mnzake dala kuti amufewetse mtima! Anafumbata kiyi m'thumba mpaka anamulasa m'manja.

"Abambo, kawauzeni amene akutumaniwo kuti kiyi ali ndi Uladi. Nyumba ikumira. Nthaka simungaichirikize ndi kachitsulo."

Mdalayo anangotambasula dzanja. Uladi analiwunika ndi foni... Mayo! Dzanja lophwatalala, zala zonse zogonera mbali imodzi, koma magazi ayi.

"Kamodzi kokha..."

Pansi panachita ngati pakupuma. Waya uja analira. M'nyumba ina yopanda anthu, chitseko chinatseguka chokha, kwiii... Miyendo ya Uladi inkafuna liwiro, koma anaikaniza. Iye athawe? Kuti mawa akamuseke a Khalid? Anatembenuka n'kuyenda mwachifatse, thukuta lili kamukamu. Ngwe... ngwe... Pafupi. Pafupi kwambiri. Mpweya wozizira pakhosi. Sanacheuke.

"Kiyiyu simumuona," ananena. "Nditsatireni mpaka kuchipinda kwanga, koma simumuona."

Atafika pamlatho wa pamsewu waukulu, kunali zii. Usiku umenewo sanagone, kunena zoona, anangokhala pabedi nsapato zili kuphazi.

M'mawa anapeza a Khalid akumudikira pakhomo la chikepe, alendi atawazungulira, aliyense akudandaula za masitepe. A Khalid anatambasula dzanja, nati apereke kiyi azipita. Uladi anawakalipira pagulu pomwepo, kuti angamuchotse ntchito, angamuitanire apolisi, koma zotuma mdala wa dzanja lophwanyika kuti azimuzembera mumdima azisiye. A Khalid analumbira kuti sanatume munthu. Uladi anafotokoza zonse, ovololo, matumba olira tizitsulo, ndi mawu aja akuti kamodzi kokha.

Mayi Lena, amene akhala akukolopa masitepe a nyumbayo zaka makumi awiri, anagwetsa chokolopera.

"Eish, mwanangu," anatero, "amenewo ndi a Jabir, Mmalawi mnzako. Ndiwo ankaika tizitsulo timeneto, abwanawa akawauza. Tsiku lina analowa m'dzenje muja kuti aikemo kamodzi kokha, chikepe chinachoka panjanji n'kuwatsikira. Maliro awo ndinalira nawo ineyo. Papita zaka khumi ndi ziwiri."

Dzanja la a Khalid linali lidakali m'malere, kudikira kiyi. Analiyang'ana kwa kanthawi, n'kulibweza m'thumba pang'onopang'ono.