Monita Yabisa Amayi

Kunyumba amamutcha Mafunso. Ndi mtsikana wosatopa kufunsa.

Mafunso ali ndi mlongo wake wamng'ono. Iyeyu amamutcha Kamimba.

Amayi awo anapita kutali kukaphunzira unamwino. Anachoka Kamimba akukwawa. Tsopano Kamimba akuyenda.

Mafunso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Kamimba aone nkhope ya amayi.

Loweruka lililonse masana, amayi ankaimba pa kompyuta. Kompyutayo inali pabalaza. Bokosi lake linali pansi pa tebulo. Monita yake inali pamwamba pa tebulo. Monita ndi galasi loonetsa zithunzi.

Koma monitayo inali ndi vuto. Amayi akamaimba, galasi linkakhala litada kale. Bii.

"Muli bwanji ana anga?" amayi ankatero. "Ndikukuonani nonse."

"Ife sitikukuonani," ankayankha Mafunso.

Mawu alipo. Nkhope palibe.

Kamimba ankasuzumira kuseri kwa monita. Kunalibe munthu. Ankasuzumira pansi pa tebulo. Kunalibe munthu. Kenako ankalira. Ankathawira kwa azakhali.

Azakhali ndi mlongo wawo wa adadi. Ndiwo ankasamalira ana.

Tsiku lina Mafunso anatenga chithunzi cha amayi. Anamuonetsa Kamimba.

"Awa ndani?" anafunsa.

Kamimba anayang'ana. Anayang'ananso.

"Alendo," anatero.

Mafunso sanaseke. Anabwezera chithunzi pakhoma.

"Adadi, amayi aziimba pa foni yanu," anatero Mafunso.

"Foni yanga ndi ya mabatani," anayankha adadi. "Siionetsa anthu. Koma usadandaule. Monita imeneyi ikungofuna mbama."

Adadi anaimenya pambali. Phaa.

"Achimwene, imeneyo si wailesi yanu," anatero azakhali.

M'mawa mwake adadi anayatsa kompyuta. Monita inawala bwinobwino.

"Mwaona?" anatero adadi. "Mbama yagwira ntchito."

Anazimitsa, n'kupita kuntchito.

Loweruka linafika. Azakhali anayatsa kompyuta m'mamawa. Ankaopa kuti amayi angaimbe ili yozima. Monita inawala.

Masana amayi anaimba. Galasi linali litada kale. Bii.

Mawu alipo. Nkhope palibe.

"Ndidzapita nayo kwa amisiri," anatero adadi. "Ndikapeza mpata."

Adadi amayendetsa lole. Mpata wawo umachedwa. Mafunso sanafune kudikira.

Lachisanu anaweruka kusukulu msanga. Anavula yunifolomu. Anaima patsogolo pa monita.

Monita inali itavala nsalu yake. Azakhali amadana ndi fumbi. Analuka nsalu ya wailesi. Analuka nsalu ya filiji. Analukanso nsalu ya monita. Inali yokhuthala, ya ulusi wofiira. Pofuna kuonera, ankangoipindira pamwamba.

"Azakhali, ndiione monitayi?" anafunsa Mafunso.

"Iwe ndi dokotala tsopano?"

"Ndikungofuna kudziwa."

"Ona," anatero azakhali. "Koma usamasule kanthu. M'kati mwake si mwa ana. Ukamagwira zingwe, uyambe wazimitsa pakhoma."

"Ndamva, azakhali."

Mafunso anapindira nsalu pamwamba. Anayamba ndi pulagi.

Anazimitsa pakhoma. Anazula pulagi. Anaiyang'ana. Inalibe chopsa. Anaibwezera mwamphamvu. Anayatsa.

Monita inawala.

"Yatheka, azakhali."

"Dikira kaye," anatero azakhali. "Ya adadi ako inathekanso."

Mafunso anakatsuka mbale. Anasesa pakhonde. Anamusambitsa Kamimba. Anabwerera pabalaza.

Bii.

"Si pulagi," anatero Mafunso.

Anagwada pansi pa tebulo. Anayang'ana bokosi. Kanyale kake kankayaka. Anatchera khutu. Bokosi linkang'ung'udza.

"Bokosi lili moyo," anatero. "Wodwala ndi monita."

Pakati pa bokosi ndi monita panali chingwe. Mutu wake unali wabuluu. Mafunso anazimitsa pakhoma. Anagwira mutuwo. Unkagwedera pang'ono. Anaumanga ndi zala. Anamanga uku. Anamanga uko. Anayatsa.

Monita inawala. Inawala kanthawi kochepa chabe.

Bii.

"Mwina chingwe chaduka m'kati," anatero Mafunso.

Anathamangira kwa aneba. Anebawo ndi aphunzitsi. Nawonso ali ndi kompyuta.

"Odi, aphunzitsi. Ndibwerekeniko chingwe cha monita."

"Chingwe? Ana ena amabwereka mpira."

"Ndibweza lero lomwe."

Aphunzitsi anaseka. Anamupatsa chingwe.

Mafunso anazimitsa pakhoma. Anachotsa chingwe chawo. Anaika cha aphunzitsi. Anayatsa.

Monita inawala. Mafunso anakhala pansi. Sanapite kulikonse. Anaiyang'anitsitsa.

Inawala. Inawala. Inaphethira.

Bii.

"Si chingwe," anatero Mafunso.

Anakabweza chingwe cha aphunzitsi. Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono.

"Walephera?" anafunsa azakhali.

"Sindinalephere. Sindinamalize."

Mafunso anakhala pampando. Anagwira tsaya. Mafunso ake anayamba.

"Azakhali, bwanji m'mawa imawala?"

"Kaya."

"Bwanji masana imazima?"

"Kaya."

"Bwanji ikapuma imawalanso?"

"Iwe, ine ndine azakhali ako. Sindine mayi wake wa monita."

Mafunso anaimirira. Anafuna kuonanso kumbuyo. Anatsamira monita ndi dzanja. Dzanja linalowa pansi pa nsalu.

Analichotsa msanga.

"Azakhali, bwerani. Monita yatentha thupi."

Azakhali anabwera. Anaigwira ndi kuseri kwa dzanja. Amatero Kamimba akadwala.

"Zoona," anatero. "Ngati mwana wa malungo."

Mafunso anazimitsa pakhoma. Anazula pulagi. Anachotsa nsalu yonse.

Pamwamba pa monita panali timabowo. Kumbuyo kwake kunali timabowo. Tinali tambiri, tondandalikana.

Timabowo tonse tinali titatsekeka. Munali fumbi. Munalinso ubweya. Ubweyawo unali wofiira.

Mafunso anayang'ana ubweya. Anayang'ana nsalu. Anayang'ana azakhali.

"Azakhali, timabowoti ndi tachiyani?"

"Tokongoletsa."

Mafunso anaika tsaya pafupi. Ankamva kutentha kukutuluka pang'onopang'ono.

"Ayi, azakhali. Ndi mphuno zake. Imapumira pamenepa."

"Ndiye?"

Mafunso analoza nsalu.

"Nsalu yatseka mphuno."

Azakhali anagwira m'chiuno.

"Nsalu yanga? Ndinaluka mpaka zala kutupa. Nsalu yanga siwononga. Imateteza."

"Ndi yokongola, azakhali."

"Usandinyengerere."

"Ndi yokongola. Koma ndi yotentha. Tiyese tione."

Azakhali analowa kuchipinda. Anatuluka ndi mswachi wakale.

"Wouma," anatero. "Madzi ndi magetsi sizigwirizana."

Anadikira monita izizire. Mafunso anayamba kupukuta.

Anapukuta kabowo koyamba. Anapukuta kachiwiri. Anapukuta mzere wonse. Fumbi linatuluka. Ubweya unatuluka.

Kamimba anayetsemula. Azakhali anayetsemula.

"Fumbi lonseli m'nyumba mwanga?" anatero azakhali. "Bweretsa kuno mswachiwo."

Azakhali anapukuta kumbuyo. Anapukuta mwaukali. Sanasiye kabowo n'kamodzi komwe.

Monita inali itatsamira khoma. Mafunso anaikokera kutsogolo. Tsopano mpweya unkadutsa.

Anabwezera pulagi. Anayatsa. Nsalu anaisiya pampando.

Monita inawala.

Mafunso anadikira. Inawala.

Azakhali anaphika tiyi. Inawala.

Anamwa tiyi. Anatsuka makapu. Anaanula zovala. Inawalabe.

Mafunso anaigwira pamwamba. Inali yofunda pang'ono chabe.

"Linali fumbi basi," anatero azakhali. "Nsalu yanga ilibe mlandu."

Anatenga nsalu. Anaiveka monita. Anaipindira pamwamba. Anakhala pampando, manja atapinda.

Mafunso anakhala pambali pawo.

Inawala. Inawala. Inawala nthawi yaitali.

"Waona?" anatero azakhali.

Monita inaphethira.

Bii.

Azakhali anayang'ana galasi lakuda. Anayang'ana Mafunso. Anaimirira. Anachotsa nsalu okha. Anaipinda bwinobwino.

"Chabwino," anatero. "Izivala ikagona basi."

"Ikazizira kaye," anatero Mafunso.

"Ikazizira kaye. Usawonjezenso mawu."

Loweruka linafika. Adadi anali pakhomo.

M'mamawa azakhali anayandikira kompyuta. Chala chinali kale pa batani.

"Nthawi sinakwane, azakhali," anatero Mafunso. "Ipume kaye."

"Nanga akaimba?"

"Amaimba masana."

Azakhali anabweza chala. Anakasesa pakhonde posesa kale.

Masana Mafunso anachotsa nsalu. Anaona timabowo. Tinali totseguka. Anayatsa.

Monita inawala.

Adadi anaima pambali. Dzanja linali m'mwamba, lokonzeka.

"Manja m'thumba, adadi," anatero Mafunso.

"Ndikungothandiza."

"M'thumba, achimwene," anatero azakhali.

Adadi anaika manja m'thumba.

Kompyuta inalira. Mafunso anayankha.

Pagalasi panaoneka nkhope. Anali amayi. Anali atameta tsitsi. Anali atavala zoyera.

"Muli bwanji ana anga? Ndikukuonani nonse."

"Ifenso tikukuonani," anatero Mafunso. "Mwameta."

Amayi anagwira pakamwa.

"Mukundiona? Wakonza ndani?"

"Mwana wanuyu," anatero azakhali. "Ine ndinangopereka mswachi."

"Inenso ndinayambako," anatero adadi.

"Inu munaimenya," anatero azakhali.

Onse ankalankhula. Koma Mafunso ankayang'ana galasi. Ankaopa kuti liphethira.

Silinaphethire.

Mawu alipo. Nkhope ilipo.

Kamimba anali kumbuyo kwa azakhali. M'manja anali ndi nthochi. Anasuzumira ndi diso limodzi. Anabisala. Anasuzumiranso.

"Kamimba," anaitana amayi. "Bwera, bambo."

Kamimba sanasunthe.

Amayi anabisa nkhope ndi manja. Anaitsegula. Anaibisanso. Anaitsegulanso.

Kamimba anaseka. Anaponda kamodzi. Anapondanso. Anafika patebulo.

Mafunso anamunyamula. Anamuimika pampando.

Kamimba anayang'ana maso. Anayang'ana pakamwa. Pakamwa pankatuluka mawu aja. Anawadziwa mawuwo.

Anagwira mphuno ya amayi pagalasi.

"Amama," anatero.

"Ndine, bambo. Ndine."

Kamimba anayang'ana nthochi yake. Anayang'ana amayi. Anakanikiza nthochi pagalasi, pakamwa penipeni.

"Idyani," anatero.

Nthochi inamatirira. Galasi linathimbirira ndi tizala. Azakhali anatola kansanza kopukutira.

Mafunso anawagwira dzanja.

"Asiyeni adye kaye, azakhali."

Amayi anayasamula kwambiri. Anatafuna. Anameza.

"Yokoma," anatero. "Ndipatsenso."

Kamimba anawapatsanso.