Mtsikana Wophunzitsa Chulu

Tsiku limene a Solomoni ankabweza mapepala a mayeso a jogalafe, Rakele anakhala tsonga, khosi litatalika ngati la nkhanga yoti yamva galu. Chiyambire ku pulayimale, dzina loyamba kutchulidwa linali lake. Ngakhale amayi ake ku Mvano anthu anasiya kuwatchula dzina, ankangoti amake Nambala Wani.

"Woyamba," anatero a Solomoni, "ndi Luckness."

Rakele anali atanyamuka kale pa benchi. Anangonamizira kukonza siketi, n'kukhalanso pansi.

Luckness! Luckness yemweyu wa kuseri kwa phiri, amene chaka chatha ankati akamufunsa funso n'kumayang'ana kumwamba ngati yankho analilemba pa malata! 

"Komanso tamverani," anapitiriza a Solomoni. "Ku Mponela kuli mpikisano wa mafunso, ndipo Fomu 2 yathu itumiza munthu mmodzi yekha. Kumapeto kwa mwezi tilemba mayeso ena. Amene adzapambane ndiye adzakwere minibasi."

Apa ndiye panali nkhani. Za Mponelazo Rakele anazimva kalekale, ndipo anali atauza kale mudzi wonse kuti akupita ndi iye. Nsapato za msuweni wake anali atabwereka kale, atazipolisha, zikungodikira pansi pa bedi.

A Solomoni anabwera pasukulupo, kufupi ndi Dzoole, kumayambiriro kwa teremu, ndipo anabwera ndi nyimbo imodzi yokha. "Mukawerenga, tsekani buku. Fotokozerani munthu wina m'Chichewa, m'mawu anuanu. Pamene mwakakamira, dziwani kuti pamenepo simunamvetse. Tsegulani, onani, tsekaninso. Pakapita masiku, bwererani pomwepo." Rakele ankangoseka chamumtima. Iye anali ndi njira yake: mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tithawe, kenako kumeza Chingerezi mzere ndi mzere, monga nkhuku imezera chimanga, osatafuna.

"Luckness ameneyu si nzeru ayi," Rakele anauza anzake pa buleki. "Pali kumene akupita. Munthu sangagone mbuli n'kudzuka mphunzitsi."

Ataweruka anamutsatira. Njira yawo inali imodzi mpaka pa mjigo, koma tsikuli Rakele anatsalira dala, akubisala m'mphepete mwa minda ya fodya. Luckness anakwera kachitunda, n'kuima pa chulu chachikulu cha m'mbali mwa njira. Anaika chikwama pansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"A Chulu, mwaswera bwanji? Dzulo tinalekezera pa mvula ija. Tsono mphepo yonyowa ikagunda phiri, ilibe kolowera, imakwera. Ikakwera..."

"Ndakugwira!" Rakele anavumbuluka m'fodya muja, zisoso zili tho pa masokosi. "Ndinanena ine! Mfiti iwe! Ukulankhula ndi ndani?"

Luckness anadzidzimuka, kenako anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Iwe Rakele, si zomwe ananena aphunzitsi zija? Kwathu ndifotokozere ndani? Amayi ali kalikiliki kusoka fodya m'chigafa. Agogo ukawauza za mitambo amayankha kuti adya kale. Ndiye ndinangopeza a Chuluwa. Safulumira, sanditukwana."

"Basi zomwezo?"

"Zomwezo. Vuto lawo n'limodzi: safunsa mafunso. Ngakhale ndiwanamize amangovomera."

Rakele anakhumudwa kwambiri. Ufiti ukanakhala bwino, akanakanena kwa ahedi. Koma akutsika chitunda, kamutu kake kanayamba kuphika zina. Mwana ameneyu wazolowera wophunzira wosayankha. Atapeza womusokoneza tsiku ndi tsiku, womuchititsa manyazi mpaka ataye mtima, kodi pofika pa mayeso sadzakhala phala?

M'mawa mwake anamudikirira pa mjigo, akumwetulira ngati wogulitsa tomato woola.

"Aphunzitsi a chulu, ndithandizeni. Akuti mphepo ikakwera phiri imazizira. Nanga pamwamba pa phiri si ndiye pafupi ndi dzuwa? Izizira bwanji?"

Luckness anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Eee! Nambala wani wathu uja!" Rakele analuluta, mpaka amayi otunga madzi anatembenuka.

"Sindikudziwa," anatero Luckness. "Ndikuuza mawa."

Ndipo mawa lake anabweradi nalo yankho, atakafunsa kwa a Solomoni. Rakele anakana kuti n'zabodza. Anakangana kuyambira pa mjigo mpaka pa geti la sukulu, wina akuloza phiri, wina akuloza dzuwa, mpaka Rakele anasowa chonena n'kungoti, "Mlomo wako ngati chikwanje."

Zinakhala choncho mwezi wonse. Rakele ankafukula buku ngati mbewa, kufunafuna funso loti ligwetse mnzakeyo. Kuti funso lilume, ankayenera kuliganizira kaye. N'chifukwa chiyani mizere ya m'phiri amaipingasa? Nanga madzi a m'chitsime amachokera kuti m'chilimwe, kumwamba kuli mbee? Akamugwetsa, ankadya nyemba tsiku limenelo mokoma. Pakapita masiku ankalibwezanso funso lomwelo mwadzidzidzi, kuti mwina waiwala. Koma Luckness m'malo mowonda ankangonenepera mafunsowo.

Tsiku la mayeso linafika. Rakele analowa mutu uli ndendende ndi mizere yoloweza, akuyenda pang'onopang'ono kuopa kuitaya. Anatembenuza pepala. A Solomoni sanafunse monga linalembera buku. Funso lina linali la miyala ndi dothi, mutu umene sanakanganepo ndi Luckness. Analemba mawu oyamba a mzere umene analoweza, achiwiri, kenako mzere uja unaduka ngati ulusi wakale. Anaubwereza kuchokera poyamba. Unadukanso pomwepo.

Anathawira ku funso lotsatira. Linkanena za alimi awiri apachibale, wina mbali ino ya phiri, wina kuseri. Wina mvula ikumugwera, wina chimanga chikufota. Fotokozani chifukwa chake. Rakele anamva mawu akeake m'mutu, akukalipa pa mjigo paja, ndi a Luckness akuyankha. Cholembera chinathamanga chokha.

Zotsatira zitabwera, a Solomoni sanazungulire.

"Ku Mponela kupita Luckness."

Kalasi inawomba m'manja. Rakele anawomba ndi zala ziwiri. Kenako Luckness anaimirira.

"Aphunzitsi, ndithokoze nawo Rakele. Mwezi wonse wakhala akundifunsa mafunso m'njira, osatopa, ngakhale kukugwa mvula. Pakanapanda iyeyu sindikanakhoza."

"Zoona?" anatero a Solomoni. "Mtima wabwino chotere ndi wosowa. Tiyeni timuwombere m'manja Rakele!"

Abale, kuwomberedwa m'manja kumapweteka nthawi zina. Rakele analakalaka simenti itang'ambika kuti alowe.

Pomupatsa pepala lake, a Solomoni analoza ndi chala, n'kulankhula motsitsa mawu. "Taona apa. Awa wayankha m'mawu ako, ndipo ndi abwino kuposa a wina aliyense m'kalasi muno. Koma awa, ukuyamba ngati buku n'kuthera m'malere. Anthu awiri alemba pepala limeneli. Ine ndikufuna woyambayo."

Rakele anayang'ana. Paliponse pamene panali chongi chofiira panali mkangano wa m'njira. Paliponse pamene panali mtanda panali beseni la madzi ozizira.

Belu litalira anatuluka osadikira munthu. Madzulo ake anabweza nsapato zija, n'kuuza msuweni wake kuti zimamuthina.

Mawa lake poweruka, Luckness anamuyang'ana mnzakeyo pa geti, osamupeza. Anayenda yekha, njira ili zii. Atakwera kachitunda kaja anamva mawu. Rakele anali ataima patsogolo pa chulu, buku lili chotseka pansi, ataliikira mwala pamwamba.

"Tsono a Chulu, mwala ukapsa ndi dzuwa masana, usiku n'kuzizira, umayamba... umayamba... Musandiyang'ane choncho, ndikukumbuka."

Luckness anakhosomola.

Rakele anatembenuka, nkhope ili gwa. "Choka. Wako unatha, uno ndi mwezi wanga."

"Ndimangodutsa. Koma ndinakuuza, amenewo safunsa."

"Nanga iwe waimiranji ngati mtengo? Pakamwa ulibe?" Rakele anakankhira buku lija ndi phazi kwa Luckness. "Tsegula pa miyala. Ufunse ovuta, usandimvere chisoni. Ndipo ku Mponelako ukaonetsetse njira bwinobwino, chifukwa chaka chamawa udzakhala ukundiperekeza."

Luckness anakhala pa udzu, natsegula buku, akumwetulira.

"Chabwino, mayi. Mwala umasweka bwanji popanda wouphwanya?"

Rakele anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Luckness anakweza mutu, naluluta mpaka mbuzi za kutsidya zinaleka kudya.