Ubwere Mawa Udzapemphe Mchere

Adelar anatsuka makola a nkhumba dzuwa likulowa, monga masiku onse, kenako anakasuzumira dzenje la ndowe. Linali litadzazanso mpaka pakamwa. Nkhumba anazichulukitsa, koma malo anali omwewo. Minda yake anaithira ndowe mpaka inakana: nthaka inalimba pamwamba ngati simenti, nyongolotsi n'kumatuluka kudzafera poyera. Ndiye bambo wamkulu ndithu anapeza nzeru yopusa. Chisisira chikagwa, ankakokera paipi kumalire n'kutsegulira zonse kumunsi, m'munda wa mnansi wake Ivanor. Kamwana ka Ivanor, Cleci, amene anakaimira pa ubatizo anali Adelar yemweyo.

Kumunsiko zinthu zinavuta. Chimanga chinapsa masamba mvula ikugwa bwinobwino. Madzi a pakasupe anayamba kununkha. Ng'ombe ziwiri zinafa zitatupa mimba. Anthu ankanong'onezana kuti madzulo m'chimangamo mumamveka chinthu chofwenthera ngati nkhumba, koma mapazi ake ndi a munthu. Cleci atatsegula m'mimba n'kumwalira, Adelar ananyamula nawo kabokosi, ndipo analira zenizeni, mtima ukumudya. Koma dzenje linadzazanso, iye n'kupitanso kumalire ndi paipi ija.

Tsiku limenelo Ivanor anali atabisala m'chimanga. Nkhope sanaione, anangomva tswatswatswa ndi fungo. Anakuwa mawu amene kumapiri kuno timaitanira mfiti:

"Ubwere mawa udzapemphe mchere!"

Ngakhale mwana amadziwa kuti woyamba kudzapempha mchere m'mawa mwake ndiye mfitiyo, afune asafune.

Adelar anafika kunyumba akuthamanga. Mkazi wake Loreni ankasankha nyemba.

"Mwatani inu? Mwaona mzukwa?"

"Mchere ulipo m'nyumba muno?"

"Thumba lathunthu. Mukufuna kupha nkhumba zonse n'kuthira nyama mchere?"

"Mawa m'mawa usatuluke."

"Iii, ndine nkhuku ine yoti munditsekere?"

Akanamuuza pomwepo. Koma akanayambira pati, poti Loreni ndi amene anasoka kadiresi koikira Cleci m'manda? Ndi manyazi, anangopita kukagona.

Kutacha anathamangira kukhitchini n'kumasula thumba lija. Munalibe mchere. Munali dothi lakuda, lonyowa, lonunkha ngati dzenje lake, nyongolotsi zakufa zili thoo. M'chitini cha pashelefu munalinso zomwezo. Nyemba zinkawira pamoto, koma Loreni panalibe.

Anatulukira pakhomo. Mkazi wake ankatsika kanjira ka kwa Ivanor, kapu ili m'manja, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Pakhonde la Ivanor panakhala amuna a m'mudzi, zikwanje zili pamiyendo.

Loreni anali asanafike patali. Kungomutchula dzina, akanabwerera. Koma amunawo akanamva, n'kufunsana kuti Adelar wadziwa bwanji za mchere, poti chimene chinamva mawu aja ndi chinthu cha m'chimanga chokha. Anaima chilili, akudzida, mkazi wake akudutsa pakasupe, akudutsa chimanga chopsa chija.

Pamene ankatsegula pakamwa, Loreni anali atafika kale pampanda. Ndipo dzina silinatuluke. Munatuluka kufwenthera kwa nkhumba, ndipo za m'khola zinamuyankha zonse pamodzi.

Kumunsi amuna aja anaimirira mmodzimmodzi. Mawu a Loreni anakwera phiri, ansangala ngati masiku onse:

"Odi, abambo a Cleci! Pepani kukulawirirani. Mungandigaireko kamchere?"