Mabango a Kuluthumu

Kuluthumu anali mwana wa telala wa ku Katete. Anali ndi funso limodzi. Kodi chimanga chimakonda dothi lotani?

Aphunzitsi ake, a Ezara, anati, "Yesa wekha. Udzatiuze pa tsiku la sayansi."

Kuluthumu anatenga zitini zitatu. M'china anathira mchenga. M'china anathira dothi la pachulu. M'china anathira dothi la m'khola la mbuzi. Anadzala chimanga. Anathirira.

Cha mumchenga chinamera msanga.

"Mchenga wapambana," anatero Kuluthumu.

"Usafulumire, mwanawe," anatero bambo ake, a Jafali. Makina awo osokera anali kulira, tiki tiki tiki.

Kuluthumu analibe rula yoyezera msinkhu wa chimanga. Choncho Loweruka lililonse ankadula mabango. Bango lililonse linali lofanana msinkhu ndi chimanga chake. Ankalimanga ulusi. Woyera unali wa mchenga. Wakuda unali wa chulu. Wofiira unali wa khola. Mabango onse ankawaponya m'dengu.

Koma mbuzi ndi mbuzi. Tsiku la sayansi litayandikira, mbuzi yawo inadula chingwe. Inadya chimanga cha mumchenga. Inadya cha pachulu. Inadya cha m'khola. Panatsala zitini zokha.

Kuluthumu analira. "Ababa, ndikaonetsa chiyani kusukulu?"

"Tenga mbuziyo," anatero a Jafali. "Yankho lili m'mimba mwake."

Kuluthumu sanaseke. Anagona pa mulu wa tinsalu totsala. Dzuwa linali pamutu. Makina anali kulira, tiki tiki tiki. Maso analemera.

Analota mabango. Mabango anatuluka m'dengu. Anayenda ngati ana a sukulu. Oyera anaima paokha. Akuda anaima paokha. Ofiira anaima paokha. Aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Mphepo inadutsa. Mabango anaimba ngati zitoliro.

Kuluthumu anadzuka. Anakhuthula dengu pakhonde. Anandandalika oyera. Anandandalika akuda. Anandandalika ofiira. Aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo.

Kenako anayang'ana. Anayang'ananso.

Oyera anayamba aatali. Koma analekera panjira. Mitu yawo inali yofanana, see, ngati msewu wa ku Chipata. Akuda anakwera pang'onopang'ono. Ofiira anayamba aafupi. Koma anakwera, anakwera, ngati phiri la Mphangwe.

"Ababa, bwerani muone. Mchenga sunapambane."

A Jafali anaimitsa makina. "Wakuuza ndani? Chimanga palibe."

"Andiuza mabango. Mchenga unathamanga, unatopa. Khola linachedwa, koma linafika patali."

A Jafali anagwada. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga thumba lakale la ufa. Anasokererapo mabango onse, limodzilimodzi. Kuluthumu ndiye ankalowetsa ulusi m'singano.

Pa tsiku la sayansi anatambasula thumba lija. Ana anasonkhana.

"Chimanga chili kuti?" anafunsa a Ezara.

"Chili m'mimba mwa mbuzi, aphunzitsi. Koma msinkhu wake uli pano."

A Ezara anatsata mabango ofiira ndi chala, mpaka pamwamba. Anamwetulira. "Yankho walipeza."

Madzulo Kuluthumu anapita kukhola ndi bambo ake. Mbuzi ija inali kubzikula, maso ali tsinzi.

"Dothi labwino linachokera kwa iwe," anaiuza Kuluthumu.

"Ndiye inadya zake zomwe," anatero a Jafali.

Ulendo uno Kuluthumu anaseka. Anaikanda mbuzi kukhutu. Kenako anatapa dothi lina, chitini tho.