Margarida ndi Ndeke Yosaoneka

Margarida ankakhala ku Mphuka, pafupi ndi Zambezi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna mlongo wake Domingos achire.

Domingos anali m'kachipatala. Mankhwala ake anali mu filiji. Filiji ikafa, mankhwala amawonongeka. Ena kunalibe. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo galimoto zinkaopa mabomba a mumsewu.

Magetsi a filiji ankachokera kuwiri. Kunali injini. Kunalinso chigudumu cha mphepo, pamwamba pa mlongoti. Ziwirizi zinkakoka pamodzi, ngati anthu awiri opalasa bwato limodzi.

Woyang'anira injini anali atate ake, a Everisto. Mphepo ikakula, injini inkalira mokweza. Atate ankachepetsa mafuta. Mphepo ikachepa, injini inkalira motsitsa. Atate ankawonjezera mafuta. Muyeso wawo unali nyimbo yopalasira bwato. Injini ikafanana liwu ndi nyimbo, zonse zili bwino.

Koma bomba linaphulika pafupi nawo. Makutu awo anagontha. Tsopano ankangoyang'ana kuwala kwa babu.

Tsiku lina masana kunada. Fumbi linaphimba dzuwa. Mbalame zinangoti zii. Ngakhale mbuzi, zolongolola zija, zinatseka pakamwa.

Kenako kunamveka liwu. Wuuu! Wuuu! Linkabwera. Linkapita. Linkabweranso.

"Ndeke! Ndeke ya nkhondo!" anakuwa a Langford, mlonda.

Anthu anathawa liwiro la mtondo wadooka. Onse analowa m'dzenje lobisalamo. A Langford, olimba mtima aja, ndiwo anayamba kulowa. Amai anafika ndi Domingos kumsana. Atate anaona anthu akuthawa, nawonso anathawa.

M'dzenje munali mdima. Margarida anayang'ana kumwamba. Ndeke kunalibe. Koma liwu linalipo. Wuuu! Wuuu!

"Ndeke yabwanji ilibe thupi?" ananong'ona a Langford. "Iyi ni mizimu."

Margarida anachita mantha kwambiri. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya atate kuti alimbe mtima. Kenako anatchera khutu. Mphepo ikawomba, liwu lija linkakwera kuposa nyimbo. Mphepo ikaleka, liwu linkatsika.

"Amai, si ndeke iyi! Ni injini!"

"Khala chete, iwe."

"Mvelani, Amai. Iyenda na mphepo. Filiji izapsa!"

Amai anamvetsera. Anakhudza Domingos. Thupi lake linali moto.

"Yenda na atate ako," anatero. "Osawasiya dzanja."

Margarida anakoka atate. Analoza kanyumba ka injini. Atate anagwedeza mutu, natuluka naye.

Panja panalibe munthu. Zitseko zinkatseguka zokha. Zinkatsekekanso zokha. Margarida anagwiritsitsa dzanja la atate. Koma anayendabe.

M'kanyumba muja babu linkawala, linkazilala, ngati diso lophethira. Atate anagwira kachitsulo ka mafuta. Margarida anaimba nyimbo.

Injini inakweza liwu. Margarida anatsitsa dzanja. Atate anachepetsa mafuta.

Injini inatsitsa liwu. Margarida anakweza dzanja. Atate anawonjezera mafuta.

Anaimba. Anaimbanso. Kukhosi kunauma, koma sanaleke. Pang'ono ndi pang'ono injini inafanana ndi nyimbo. Babu linasiya kuphethira. Ndeke ija inatha.

Anthu anatuluka m'dzenje ali fumbi lokhalokha. Anesi anathamanga kukatsegula filiji. Mankhwala anali ozizira!

Domingos anabayidwa jakisoni. Analira mokweza, ndipo Amai anaseka ndi misozi. Madzulo thupi lake linazizira. Anapempha phala.

Onse anakhala pabedi la Domingos. Atate anaika dzanja pamsana pa Margarida.

"Imba futi, mwana wanga," anatero.

Margarida anaimba. Msana wake unkanjenjemera ndi nyimbo. Atate anatsinzina. Anamwetulira.

"Eya," anatero. "Manje namvela."