Njinga Yolumpha ya Kamphepo

Taganiza! Njinga ili ndi tcheni chatsopano. Tcheni chonyezimira bwino. Koma tchenicho chikulumphabe. Kodi chalakwika n'chiyani?

Njingayo ndi ya mtsikana wina, Kamphepo. Amamutchula choncho chifukwa amapalasa ngati mphepo. Kamphepo ali ndi mlongo wake wamng'ono. Mlongoyo onse amamutchula Bwana, chifukwa amakonda kulamula.

Bwana anali pafupi kuyamba sukulu. Sukuluyo ili pamwamba pa chitunda.

"Achemwali, Lolemba mudzandikweza pa kaliyala," anatero Bwana. "Ine sindidzayenda pansi!"

"Ndidzakukweza," analonjeza Kamphepo.

Koma njingayo inali ndi vuto. Kamphepo akaponda pedulo mwamphamvu, tcheni chinkalumpha. Khwe! Phazi linkangopita lokha. Khwe!

Abambo anagwada pafupi ndi njinga. Anakoka tcheni ndi zala. Tcheni chinali lendelende.

"Chatha ichi," anatero Abambo. "Chatalika ngati chingwe choyanikapo zovala."

Abambo anagula tcheni chatsopano. Anachimangirira okha. Anapukuta manja monyadira.

"Basi, njinga yachira!"

Kamphepo anakwera. Anapalasa pabwalo. Zonse zinali bwino. Anafika pachitunda. Anaponda mwamphamvu.

Khwe! Khwe! Khwe!

Kamphepo anatsika. Anayang'ana tcheni. Mutu wake unaima.

"Chakale chinkalumpha," anatero. "Chatsopano chikulumpha kuposa chakale. Nanga zatheka bwanji?"

Abambo anakanda mutu. "Mwina chikufuna oyilo."

Anathira oyilo. Kamphepo anapalasa. Khwe!

Amayi anatuluka m'nyumba. "Mwina bambo akowa achimangirira chozondoka."

"Ine? Chozondoka?" anatero Abambo. Komabe anachimasula. Anachitembenuza. Kamphepo anapalasa. Khwe!

Bwana anaima patsogolo pa njinga. Anagwira m'chiuno.

"Iwe njinga, siya kulumpha! Kodi ndiwe chule?"

Njinga sinamve. Khwe!

Loweruka linafika. Abambo anapita kuntchito. Bwana anakhala pakhonde ndwii.

"Achemwali, ndiye ndidzayenda pansi?" anafunsa.

Kamphepo anatenga njinga. Anapitanso kuchitunda.

Pa tayala lakumbuyo pali magiya. Magiya ndi timawilo tachitsulo tokhala ndi mano. Tcheni chimakola pa manowo.

Kamphepo anaika tcheni pa giya yaikulu. Anaponda. Khwe!

Anaika tcheni pa giya yapakati. Anaponda. Khwe!

Anaika tcheni pa giya yaing'ono. Anaponda. Zii! Tcheni sichinalumphe.

"Aa! Nanga apa bwanji?"

Giya yaing'onoyo ndi yolemera kupalasa. Kamphepo sankaikonda. Sakanatha kukwera nayo chitunda. Makamaka Bwana ali kumbuyo!

"Magiya amene ndimawakonda akundikana," anatero Kamphepo. "Imene sindiikonda ikundilola. Sindikumvetsa."

Anatenga kansanza. Anapukuta magiya onse. Anayang'anitsitsa.

Mano a giya yaing'ono anali otakata pamwamba. Mano a magiya enawo anali owonda. Anali osongoka ngati minga. Ena anali opendekeka.

Kamphepo anakankha njinga mpaka kwa Mayi Sipanala. Iwo ndi okonza njinga. Sipanala siichoka m'thumba lawo. Bwana anatsatira pambuyo.

"Zikomo, Mayi," anatero Kamphepo. "Taonani mano awa. Safanana ndi awa."

Mayi Sipanala anawerama. Anakhudza dzino limodzi ndi chala.

"Mayo! Awa akhoza kusoka malaya," anatero akuseka. "Tcheni chakale unakhala nacho nthawi yaitali?"

"Chibwerereni njingayi."

"Eya. Tcheni chikamakalamba chimatalika, mwanangu. Chikatalika chimadya mano."

"Tcheni chimadya?" anafunsa Bwana. "Chili ndi mimba?"

"Chilibe mimba, Bwana, koma sichikhuta."

Mayi Sipanala anagwira dzanja la Kamphepo. Analiika pa wilo la mano lapakati pa mapedulo.

"Koka tcheni apa, kutsogoloku."

Kamphepo anakoka. Tcheni chatsopano sichinachoke pa mano.

"Uzikoka choncho kawirikawiri. Ukadzaona mpata waukulu pansi pa tcheni, chatalika. Udzachisinthe msanga. Mano adzapulumuka."

"Nanga mano awa?"

"Awa tachedwa nawo. Ukauze amayi ako kuti afunika ena."

Kamphepo anathamangira kunyumba. Amayi anavomera. Anabwera naye limodzi.

Mayi Sipanala anachotsa tayala lakumbuyo. Anamasula magiya akale. Anaika atsopano. Kamphepo anawagwirira tayala. Bwana anangolamula.

"Mangani kwambiri! Mangani kwambiri!"

Lolemba linafika. Bwana anavala yunifolomu. Anakwera pa kaliyala. Anagwira Kamphepo m'chiuno.

Anafika pachitunda. Kamphepo anaika tcheni pa giya yaikulu. Anaponda mwamphamvu.

Zii!

Anapondanso.

Zii!

"Fulumirani, adalaivala!" anakuwa Bwana. "Aphunzitsi akundidikira!"

Njinga inakwera. Inakwerabe. Inafika pageti la sukulu. Bwana sanayende pansi ngakhale pang'ono.

Madzulo onse anakhala pakhonde. Bwana ankafotokoza za kusukulu. Koma Abambo ankangoyang'ana njinga. Ankakandabe mutu.

"Ine sindikumvetsabe," anatero Abambo. "Ndinathira oyilo. Ndinachitembenuza. Tchenicho chinali chatsopano!"

"Ndipo sichinali chozondoka," anatero Amayi akumwetulira.

Kamphepo anabweretsa magiya akale. Anawaika m'manja mwa Abambo.

"Takhudzani apa, Ababa. Koma pang'onopang'ono."

Abambo anakhudza dzino limodzi. "Mayo! Likubaya!"

Onse anaseka.

"Tcheni chanu chinalibe vuto, Ababa," anatero Kamphepo. "Mano ndi amene anatha. Tcheni chatsopano sichigwira pa mano akutha."